Mafunso ndi mayankho: kuyenda m'magulu a zinthu pogwiritsa ntchito ma-iterator

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa achinyamata a ku Kasungu amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a pa kompyuta, makamaka aja amene ayamba kuthandiza makalabu a alimi ndi ogula mbewu kusunga kaundula wawo. Zitsanzo zambiri zalembedwa mu Python 3, ndipo zikugwiritsa ntchito fayilo yongoyerekeza yotchedwa `zogula_soya.csv`, imene mzere wake uliwonse uli ndi dzina la mlimi, msika umene anagulitsirako ndi makilo a soya amene anapimitsa.

Kodi iterator n'chiyani kwenikweni, ndipo ikukhudzana bwanji ndi `for`?

Iterator ndi chinthu chimene chimapereka zam'kati mwa gulu chimodzichimodzi, n'kumakumbukira pamene chafika. Nzeru zake zimathera pomwepo. Sichingakuuzeni kuti zinthu zonse zilipo zingati, sichibwerera m'mbuyo, ndipo sichingalumphe kukatenga chinthu cha nambala 40 chisanadutse 39 zoyambazo. Pempho limene chimamva ndi limodzi lokha, lakuti chipereke chotsatira, ndipo yankho lake limakhala chinthu chotsatiracho kapena chizindikiro chakuti zatha. Amene anaonapo ntchito yotsitsa mabelo a fodya ku Chinkhoma angaiyerekeze ndi munthu woima pakhomo pa lole, amene amapereka belo limodzi kwa anzake a pansi n'kudikira kuti apemphedwe lina. Belo limene latsika silibwereranso m'manja mwake, ndipo katundu akatha iye amangonena kuti zatha.

Aliyense amene analembapo `for` mu Python anagwiritsa kale ntchito iterator, ngakhale sanaione. Taonani loop iyi:

```python
misika = ["Santhe", "Chamama", "Nkhamenya", "Chulu"]
for msika in misika:
    print(msika)
```

Zimene Python imachita ikakumana ndi mizere imeneyi n'zofanana ndi izi:

```python
it = iter(misika)
while True:
    try:
        msika = next(it)
    except StopIteration:
        break
    print(msika)
```

Imayamba ndi kupempha iterator kudzera mu `iter()`, kenako imaitana `next()` mobwerezabwereza kufikira italandira `StopIteration`, imene si vuto ayi koma uthenga wakuti palibenso china. Dongosolo limeneli linalowa mu Python 2.2 m'chaka cha 2001. Ndikulangizani kuti muloweze chitsanzo chachiwirichi pamtima, chifukwa pafupifupi mayankho onse otsatirawa akuchokera mmenemo.

Kodi list nayonso ndi iterator?

Ayi. List ndi iterable, kutanthauza kuti ndi chinthu chimene chimatha kupereka iterator yatsopano nthawi iliyonse imene mwaipempha, koma iyo yokha sisunga malo amene mwafika. Amasunga malowo ndi ma-iterator, ndipo list imodzi ikhoza kukhala ndi ma-iterator angapo oyenda paokhapaokha popanda kusokonezana.

```python
a = iter(misika)
b = iter(misika)
next(a)   # Santhe
next(a)   # Chamama
next(b)   # Santhe
```

Iterable imakhala ndi `__iter__`, pamene iterator imakhala ndi `__next__` komanso `__iter__` imene imabweza iterator yomweyo. Choncho njira yachidule yodziwira chimene mwagwira ndiyo kufunsa `iter(x) is x`. Yankho likakhala `True`, ndiye kuti muli ndi iterator ndipo muigwiritsa ntchito kamodzi kokha. Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu pamenepa. Ambiri amaganiza kuti `range` ndi iterator chifukwa sisunga manambala onse mu RAM, koma sichoncho: mukhoza kufunsa `len(range(10))`, mukhoza kutenga `range(10)[3]`, mukhoza kuiyenda kambirimbiri, ndipo `next(range(10))` imakana ndi `TypeError`. Fayilo yotsegulidwa, imene ambiri amaiona ngati chosungira zinthu, ndiyo iterator yeniyeni.

Ndinazolowera kulemba `for i in range(len(x))`. Cholakwika n'chiyani?

Pulogalamu yotere imayenda, ndipo amene anayambira pa C kapena Pascal kusukulu sangadzudzulidwe chifukwa choizolowera. Kuipa kwake n'kwakuti imagwira ntchito pa zinthu zokhazo zimene zili ndi manambala a malo, monga list, tuple ndi string. Set ilibe chinthu choyamba kapena chachitatu, fayilo ilibe `len`, ndipo mizere yochokera ku database imafika pang'onopang'ono mopanda kudziwika kuchuluka kwake. Function imene yalembedwa ndi `for chinthu in gulu` imalandira zonsezi osasinthidwa ngakhale mzere umodzi.

Mukafuna nambala ya malo pamodzi ndi chinthucho, gwiritsani ntchito `enumerate`, imene imalolanso kuyamba kuwerenga pa 1 monga mmene mlembi amachitira m'kaundula. Mukafuna kuyenda m'magulu awiri limodzi, gwiritsani ntchito `zip`.

```python
for nambala, msika in enumerate(misika, start=1):
    print(nambala, msika)

for msika, kg in zip(misika, makilo, strict=True):
    print(msika, kg)
```

Mawu akuti `strict=True` asakuoneni ngati chokongoletsera. Mwachizolowezi `zip` imaima mwakachetechete gulu lalifupi likatha, kotero kuti ngati mayina a alimi alipo 120 koma makilo alembedwa 119 okha, mlimi womalizayo amasowa m'malipiro popanda pulogalamu kudandaula. Kuyambira mu Python 3.10, `strict=True` imaimitsa ntchito ndi `ValueError` magulu akasiyana kutalika, ndipo pa nkhani ya ndalama za anthu ndi bwino pulogalamu iime kusiyana n'kuti ipitirire ili yolakwa.

Loop yanga yoyamba ikuyenda bwino, koma yachiwiri sikutulutsa kanthu. Chachitika n'chiyani?

Limeneli ndilo funso lalikulu kuposa onse, ndipo yankho lake ndi lakuti iterator yatha. Tiyerekeze kuti mukufuna kupeza makilo apakatikati a mlimi aliyense:

```python
import csv

with open("zogula_soya.csv", newline="", encoding="utf-8") as f:
    mizere = csv.DictReader(f)
    onse = sum(float(m["makilo"]) for m in mizere)
    angati = sum(1 for m in mizere)
    print(onse / angati)
```

Mzere wowerengera `onse` umadutsa fayilo yonse kufikira kumapeto. Mzere wotsatirawo ukapempha chinthu choyamba, iterator imayankha nthawi yomweyo kuti zatha, ndiye `angati` imakhala 0, ndipo pulogalamu imagwa ndi `ZeroDivisionError`. Munthu amene wakumana ndi zimenezi ali ndi mwayi, chifukwa waona kuti china chalakwika. Nthawi zambiri palibe chimene chimagwa: `sum` ya iterator yotha imapereka 0, `list` yake imakhala yopanda kanthu, loop ya `for` imangodutsa osalowa m'kati, ndipo lipoti limasindikizidwa lili ndi ziro pamalo amene panayenera kukhala makilo a msika wonse. Koma `max` ndi `min` zimakana ndi `ValueError` zikapatsidwa gulu lopanda kanthu.

Palinso kutha kwa theka, kumene n'kovuta kwambiri kukuzindikira. Mukalemba `it = iter(misika)` kenako n'kufunsa `"Chamama" in it`, Python imaitana `next()` kufikira itapeza Chamama, ndipo zonse zimene yadutsa, pamodzi ndi Chamamayo, zimapita. Loop imene ingatsatire idzayambira pa Nkhamenya, ndipo mudzadabwa kuti Santhe yasowera kuti. Chimodzimodzinso munthu amene, pofufuza vuto, waika `print(list(mizere))` pakati pa pulogalamu: mzere umene anauika kuti umuthandize kuona ndi umene wadya zonse.

Njira zokonzera zilipo zitatu, ndipo kusankha kumadalira kukula kwa fayilo. Ngati ndi yaing'ono, lembani `mizere = list(csv.DictReader(f))` ndipo muiyende kangapo mmene mungafunire. Ngati ndi yaikulu, werengerani zonse ziwiri pa ulendo umodzi, powonjezera makilo ndi chiwerengero m'loop imodzi. Ngati ntchitozo zili m'malo osiyana a pulogalamu, lembani function imene imatsegula fayilo mwatsopano nthawi iliyonse ikaitanidwa, monga mmene tichitire m'funso lotsatira.

Amene akuphunzira kuchokera m'mabuku akale achenjere ndi chinthu china. Mu Python 2, `map`, `filter` ndi `zip` zinkabweza list, koma kuyambira mu Python 3.0 ya 2008 zimabweza ma-iterator. Chitsanzo cha m'buku lakale chimene chinkayenda mu `zip` imodzi kawiri chikhoza lero kutulutsa theka la zotsatira zake.

Ndingalembe bwanji iterator yangayanga?

Njira yosavuta ndiyo kulemba generator, imene ndi function yokhala ndi mawu akuti `yield`.

```python
def werengani(dzina):
    with open(dzina, newline="", encoding="utf-8") as f:
        for m in csv.DictReader(f):
            yield m["mlimi"], m["msika"], float(m["makilo"])
```

Function wamba ikafika pa `return` imatha, ndipo zonse zimene inkakumbukira zimafufutika. Generator ikafika pa `yield` imapereka chinthucho n'kuima pomwepo, fayilo ili chitsegukire ndiponso ma-variable ake onse ali mmene analili. `next()` ina ikabwera, imapitirira kuchokera pa mzere wotsatira. Ikafika kumapeto kwa function, Python imatumiza yokha `StopIteration`. Nthawi iliyonse imene mwaitana `werengani("zogula_soya.csv")` mumalandira generator yatsopano yoyambira pa mzere woyamba, ndipo m'menemo ndi mmene vuto la funso lapitali limathera.

Chimene chimadabwitsa ongoyamba n'chakuti kuitana generator sikuyendetsa ngakhale mzere umodzi wa m'kati mwake. Mukalemba `g = werengani("palibe.csv")` pamene fayiloyo kulibe, Python sinena kanthu, `FileNotFoundError` imabwera pambuyo pake, pa `next()` yoyamba, mwina m'gawo lina la pulogalamu limene silikukhudzana n'komwe ndi mafayilo. Mukafuna kuti cholakwika chidziwike msanga, fufuzani dzina la fayilo mu function wamba, kenako function imeneyo ibweze generator.

Mukhozanso kulemba class yokhala ndi `__iter__` ndi `__next__`, koma pa ntchito zambiri imeneyo ndi njira yaitali yofikira pamalo omwewo, ndipo imakukakamizani kusunga nokha malo amene mwafika. Ganizo la generator si latsopano: chilankhulo cha CLU, chimene Barbara Liskov ndi ophunzira ake anapanga ku MIT m'zaka za m'ma 1970, chinali nacho kale `yield`. Python inalilandira mu 2001, C# mu 2005, PHP mu 2013 ndipo JavaScript mu 2015.

Kodi n'zoona kuti generator imapulumutsa RAM? Nanga imathamanga kuposa list?

Za RAM n'zoona, ndipo tikhoza kuwerengera. Pa kompyuta ya 64-bit, CPython, imene ndi Python wamba imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, imasunga mabayiti 8 pa malo alionse a mu list, ndipo nambala wamba iliyonse imatenga mabayiti 28 payokha. List ya manambala osiyanasiyana okwana 1,000,000 imadya mamegabayiti pafupifupi 36, ndipo ngati chinthu chilichonse ndi mzere wathunthu wokhala ndi dzina, msika ndi makilo, kuchulukako kumakwera kangapo. Generator yopereka manambala omwewo imatenga mabayiti mazana ochepa chabe, kaya manambalawo ndi khumi kapena mamiliyoni, chifukwa imagwira chinthu chimodzi pa nthawi. Kwa amene akugwira ntchito pa laputopu ya kaunjika ya RAM ya 4 GB, imene gawo lake lalikulu latengedwa kale ndi Windows ndi Chrome, kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti ntchito ithe kapena kompyuta iume.

Pa zolemba, kusiyanako n'kwa zizindikiro ziwiri zokha:

```python
sum([kg for _, _, kg in werengani(dzina)])
sum(kg for _, _, kg in werengani(dzina))
```

Mzere woyamba umamanga list yonse kenako n'kuwonkhetsa. Wachiwiri, umene unatheka kuyambira mu Python 2.4 ya 2004, umawonkhetsa mzere uliwonse pamene ukufika.

Za liwiro yankho ndi lakuti osati nthawi zonse. Kuima ndi kuyambanso kwa generator kuli ndi mtengo wake, ndipo pa zinthu zochepa list kawirikawiri imafulumirako pang'ono. Generator imapambana poyera pamene simukufuna zonse, monga pofufuza mlimi woyamba amene anapimitsa makilo oposa 1,000, chifukwa imaima ikangomupeza. Ndiyenera kunenanso kuti kalabu ya alimi 60 sifunika nzeru zonsezi. Kaundula wotere amakwana mu list popanda vuto, ndipo list mukhoza kuiwerenga, kuisanja ndi kuisindikiza kangapo. Kuika ma-generator paliponse chifukwa chongofuna kuoneka katswiri kumangobweretsa mavuto a kutha kwa iterator pamalo amene sanayenere kukhalapo.

Ndingadziwe bwanji kuchuluka kwa zinthu zimene zili mu iterator?

Simungadziwe popanda kuidutsa yonse, ndipo mukaidutsa yatha. `len()` imakana ndi `TypeError`, `reversed()` nayonso imakana, ndipo `sorted()` imavomera koma imayamba yasonkhanitsa zonse mu list, kotero kuti phindu la RAM limatayika.

N'chifukwa chiyani zinthu zina zimatsala ndikamachotsa mu list m'kati mwa loop?

Chifukwa iterator ya list imasunga nambala ya malo, ndipo sidziwa kuti list yasintha. Onani chitsanzo ichi chochotsa matumba amene analembedwa makilo 0:

```python
makilo = [50, 0, 0, 48]
for kg in makilo:
    if kg == 0:
        makilo.remove(kg)
print(makilo)   # [50, 0, 48]
```

Iterator ikafika pa malo 1 imapeza 0, ndipo 0 ameneyo amachotsedwa. Zinthu zonse za kutsogolo zimasunthira m'mbuyo malo amodzi, kotero kuti 0 wachiwiri uja tsopano ali pa malo 1, amene iterator yadutsa kale. Iyo imapita pa malo 2, n'kupeza 48, ndipo 0 wachiwiriyo amapulumuka. Vutoli limabisala nthawi yaitali chifukwa limaoneka pokhapokha zinthu ziwiri zofunika kuchotsedwa zikatsatizana, ndipo munthu amene anayesa pulogalamu yake ndi mizere isanu yosankha yekha sangalione. Njira yolongosoka ndiyo kumanga list yatsopano, `makilo = [kg for kg in makilo if kg != 0]`, imenenso ndi yofulumira chifukwa `remove` imafufuza kuyambira poyamba nthawi iliyonse.

Dict ndi set zimachita bwinoko, chifukwa mukawonjezera kapena kuchotsa chinthu m'kati mwa loop zimaimitsa pulogalamu ndi `RuntimeError`. Kusintha chimene chasungidwa pa kiyi imene ilipo kale n'kololedwa. Choletsedwa ndi kusintha kukula kwa dict. Mukafunadi kuchotsa, yendani pa kope la makiyi polemba `for k in list(d)`. Mu Java, `ArrayList` ndi `HashMap` zimaponya `ConcurrentModificationException` pa mlandu womwewu, ngakhale malamulo a Java eni ake amanena kuti musadalire kuti idzabwera nthawi zonse. Njira yovomerezeka kumeneko ndi `remove()` ya iterator yeniyeniyo, kapena `removeIf` imene inabwera ndi Java 8 mu 2014.

Kodi zinthu zimatuluka motsatana mmene ndinazilowetsera?

Mu list ndi tuple, inde. Mu dict, inde kuyambira mu Python 3.7, pamene zimenezi zinakhala lamulo la chilankhulochi. Mu set, ayi, ndipo set ya mayina ikhoza kutuluka mosiyana lero ndi mawa pa kompyuta yomweyo; ngati lipoti likufuna dongosolo, lembani `sorted(gulu)`.

Mu `itertools` muli zinthu zambiri. Ndiyambire pati?

Module imeneyi inabwera mu Python 2.3 m'chaka cha 2003, ndipo simufunika kuidziwa yonse. Yambani ndi `islice`, imene imatenga chigawo cha iterator, mwachitsanzo mizere 5 yoyamba ya fayilo yaikulu pofuna kuona mmene inalembedwera. Kenako phunzirani `chain`, imene imalumikiza magulu angapo kuti ayende ngati limodzi, monga mafayilo a Epulo, Meyi ndi Juni. `count` imapereka manambala osatha ndipo ndi yabwino popereka manambala a malisiti, koma musalembe `list(count())`, chifukwa kompyuta idzasonkhanitsa manambala kufikira RAM itadzaza. Mu Python 3.12 munawonjezedwa `batched`, imene imagawa iterator m'timagulu ta kukula kumene mwasankha.

Imene imagwetsa anthu ambiri ndi `groupby`. Dzina lake limachititsa amene amadziwa SQL kuganiza kuti isonkhanitsa mizere yonse ya msika umodzi, koma iyo imangophatikiza mizere yoyandikana. Fayilo ikakhala ndi Santhe, Santhe, Chulu, Santhe, mudzalandira magulu atatu, ndipo Santhe idzatuluka kawiri. N'chifukwa chake muyenera kusanja kaye:

```python
from itertools import groupby

mizere = sorted(werengani(dzina), key=lambda m: m[1])
for msika, gulu in groupby(mizere, key=lambda m: m[1]):
    print(msika, sum(m[2] for m in gulu))
```

Kuwonjezera apo, `gulu` lililonse ndi iterator imene imadalira yaikuluyo, ndipo limakhala lopanda kanthu loop ikangopita pa msika wotsatira. Mukafuna kulisunga, lisandutseni list nthawi yomweyo. Maganizo anga ndi akuti pa ntchito yowonkhetsa makilo a msika uliwonse, `groupby` si chida choyenera. Kusanja kumalowetsa fayilo yonse mu RAM, pamene `defaultdict(float)` ya mu `collections` imachita ntchito yomweyo pa ulendo umodzi, ikusunga nambala imodzi yokha pa msika uliwonse. `groupby` imayenera pamene mizere inafika itasanjidwa kale, monga kaundula wolembedwa tsiku ndi tsiku amene mukufuna kumugawa potsata madeti.

Nanga zinthu zochokera ku database kapena pa intaneti?

Apa m'pamene iterator imaonetsa phindu lake lenileni. Cursor ya `sqlite3`, chinthu chimene chimabweretsa mizere kuchokera ku database ya SQLite, ndi iterator, kotero kuti `for mzere in con.execute(funso)` imatenga mizere pamene ikufunika, pamene `fetchall()` imaibweretsa yonse nthawi imodzi. Maseva ambiri a pa intaneti amapereka zinthu tsamba ndi tsamba, ndipo generator imabisa bwino ntchito yotembenuza masambawo:

```python
def zonse(tengani_tsamba):
    n = 1
    while True:
        tsamba = tengani_tsamba(n)
        if not tsamba:
            return
        yield from tsamba
        n += 1
```

Mawu akuti `yield from`, amene anabwera mu Python 3.3 mu 2012, amapereka zam'kati mwa tsambalo chimodzichimodzi. Amene akugwiritsa ntchito `zonse` amangoona mndandanda umodzi wautali, ndipo tsamba lachiwiri silipemphedwa loyamba lisanathe. Ngati chimene mukufuna chili pa tsamba lachitatu mwa masamba 200, mawu akuti `next((x for x in zonse(t) if x["risiti"] == nambala), None)` amakoka masamba atatu okha, ndipo bandulo yanu ya intaneti imatsala. `None` wa kumapetoyo ndi yankho limene `next` ipereke chinthucho chikapanda kupezeka. Mukamusiya, `StopIteration` imagwetsa pulogalamu, ndipo ikachitikira m'kati mwa generator ina, Python 3.7 ndi zotsatira zake zimaisandutsa `RuntimeError`.

Kodi zimenezi n'za Python yokha?

Ayi, ganizoli lili m'zilankhulo pafupifupi zonse zamakono, ndipo chimene chimasiyana kwambiri ndi mmene iterator imanenera kuti zatha. Java, imene inalandira `Iterator` mu 1998, imafuna kuti muyambe mwafunsa `hasNext()` musanaitane `next()`. Mu JavaScript, `next()` imabweza chinthu chokhala ndi `value` ndi `done`. Mu Rust imabweza `Some` yokhala ndi chinthucho, kapena `None` zikatha. Go inatenga njira yakeyake mu 1.23 ya mu Ogasiti 2024, pololeza `range` kuyenda pa function imene imalandira function ina n'kumaiitana pa chinthu chilichonse, kufikira yoitanidwayo itabweza `false`.

Amene akupanga masamba a pa intaneti asiyanitse `for...of` ndi `for...in` mu JavaScript. Yoyambayo imagwiritsa ntchito iterator ndipo imapereka zinthu zenizenizo. Yachiwiriyo imapereka mayina a makiyi, amene pa array amakhala "0", "1", "2" monga ma-string, kotero kuti `i + 1` imatulutsa "01" m'malo mwa 1. Object wamba siyendeka ndi `for...of` pokhapokha mutaidutsitsa mu `Object.entries`, ndipo `forEach` silola `break`.

Mu Lua, chilankhulo chimene chinapangidwa ku Brazil mu 1993, ma-iterator ndi ma-function enieni amene `for` imaitana kufikira atabweza `nil`. `ipairs` imayamba pa 1 ndipo imaima pa `nil` woyamba, kotero kuti tebulo limene lili ndi mpata pakati limawerengedwa theka. `pairs` imadutsa makiyi onse koma silonjeza dongosolo lililonse.

Ndikatuluka mu loop ndi `break`, fayilo imene generator inatsegula imatsekedwa?

Osati nthawi yomweyo. Generator imakhala itaima m'kati mwa `with`, ikudikira `next()` ina, ndipo fayilo imatsekedwa generatoryo ikatsekedwa kapena ikachotsedwa mu RAM. Mu CPython zimenezi zimachitika msanga ngati palibe variable imene ikuigwirabe, koma ngati munaisunga mu `g`, fayilo imakhalabe yotseguka, ndipo pa Windows simungathe kuifufuta kapena kuisintha dzina. Itanani `g.close()` mukamaliza, kapena ikulungeni mu `contextlib.closing`.

Magetsi akathima ntchito ili pakati, kodi iterator ingapitirire pamene inalekera?

Singathe. Malo amene iterator yafika amakhala mu RAM, ndipo RAM imafufutika kompyuta ikazima. Generator singasungidwenso pa disiki ndi `pickle`, module ya Python yosungira zinthu m'fayilo, imene imakana ndi `TypeError`. Kwa amene akugwira ntchito ku Kasungu boma kapena m'matawuni ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu wa M1 pa kompyuta ya pa desiki, kapena pa laputopu imene batire lake linafooka, funsoli ndi la tsiku ndi tsiku, ndipo yankho lake ndi kusunga nokha chiwerengero cha mizere imene yatha, kenako n'kuilumpha poyambanso.

```python
from itertools import islice

zatha = werengani_pamene_tinalekera()
otsala = islice(werengani(dzina), zatha, None)
for n, mzere in enumerate(otsala, start=zatha + 1):
    tumizani(mzere)
    sungani_pamene_tafika(n)
```

`islice` sidumpha mizere yoyambayo mwamatsenga, imaiwerenga ndithu n'kuitaya, koma kuwerenga mzere pa disiki n'kotchipa poyerekeza ndi kuutumizanso pa intaneti. Njirayi imadalira kuti fayilo isasinthe pakati pa maulendo awiriwo, chifukwa wina akalowetsa mzere watsopano pamwamba, chiwerengero chanu chimaloza malo olakwika. Palinso kampata kakang'ono pakati pa `tumizani` ndi `sungani_pamene_tafika`: magetsi akathima pomwepo, mzere umakhala utatumizidwa koma usanalembedwe kuti watha, ndipo poyambanso udzatumizidwa kachiwiri. Mukasinthanitsa mizere iwiriyo kuti muyambe ndi kusunga, vuto limatembenuka, mzerewo n'kusowa osatumizidwa. Ngati zimene mukutumiza ndi malipiro a alimi, perekani kwa mzere uliwonse nambala ya risiti yosabwerezeka, ndipo mbali yolandirayo, mwachitsanzo tebulo la SQLite limene nambala ya risiti mwaiika kukhala `UNIQUE`, izikana nambala imene inaiona kale.